Makina Okonza Kachulidwe ka Mau m'Mafilimu: Phunziro Locokera ku The Brutalist

M'nkhani ino tifuna kufotokoza momwe nzeru zopangidwa ndi anthu, zimene zigwira nchito m'makompyuta, zayambira kukonza kalankhulidwe ka ocita sewero m'mafilimu, ndi cifukwa cake ife ophunzitsa zinenero tiyenera kuikapo mtima.

Citsanzo cathu ndi filimu ya mu 2024 yochedwa The Brutalist, imene anatsogolera Brady Corbet. Adrien Brody ndi Felicity Jones analankhulamo Cihangare, cinenero cimene sanakule naco. Ngakhale anaphunzitsidwa kwa miyezi, mavawelo ena anawakanika. Mu Januwale 2025, Dávid Jancsó, amene analumikiza zigawo za filimuyo, ndipo ndi mwini cinenero, anaulula kuti anagwiritsa nchito makina a kampani ya Respeecher ya ku Ukraine.

Kagwiridwe kake kali motere. Coyamba, makina amvetsera mau ojambulidwa a wocita sewero mpaka adziwe maonekedwe a liu lake. Caciwiri, mwini cinenero achula bwino mau ovutawo. Cacitatu, makina atenga kachulidwe ka mwini cineneroyo nakaveka liu la wocita sewero. Womvera amva Brody, koma vawelo ndi ya Jancsó. Nkhaniyi inabutsa mtsutso wakuti luso ndi la yani. Komabe Brody analandira mphoto ya Oscar mu Marici 2025.

Tikumbuke kuti pa filimu ya mu 2019, The Boy Who Harnessed the Wind, Chiwetel Ejiofor anacita kuphunzira Cicewa ndi pakamwa pake. Kodi makina otere akadati akonze kachulidwe kake, akadakonza ciani? M'Cinyanja tanthauzo silikhala m'mavawelo ndi makonsonanti mokha, komanso m'kukwera ndi kutsika kwa liu. Liu lakuti mtengo, tikakweza silabo ya -te-, ndi wa m'thengo. Tikapanda kukweza, ndi wa pamsika. Kalembedwe kathu sikaonetsa kusiyanaku. Motero wokonza filimu wodalira zolembedwa zokha, kapena wopanda khutu la mwini cinenero, angathe kusalaza vawelo iriyonse koma tanthauzo n'kusokera.

Apa ndiye pagona phunziro. Makinawo sanadziwe Cihangare mwa iwo okha. Muyeso unali Jancsó. Ngati zinenero zathu ziti zimveke moyenera m'mafilimu a mawa, udindo uli pa ife: kujambula eni cinenero atavomereza iwo eni, kulemba zizindikiro za kukwera kwa liu pa zojambulazo, ndi kuphunzitsa ophunzira athu kumva kusiyanaku, kuti wokonza filimu akafuna khutu lodalirika alipeze.