Phiri la Mulanje m'Mabuku: Analemba Ndani, Ankafunanji?

Munthu woyenda pa mseu wochokera ku Limbe kupita ku Muloza, akangopitirira pa Luchenza, maso ake sakhalanso ndi kwina koyang'ana koma kum'maŵa, kumene phiri la Mulanje laima ngati linga. Ana a sukulu m'dziko lonse lino amaloŵeza pamtima kuti nsonga yake yotchedwa Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi kuti palibe malo ena okwera kuposa pamenepa m'Malaŵi muno. Koma mwana atafunsa kuti phirili linabwera bwanji, m'kati mwake muli chiyani, nanga n'chifukwa ninji alendo akhala akulikwera ndi zoyezera m'manja kwa zaka zoposa 100, aphunzitsi ambiri angasoŵe poyambira. Mayankho alipo ndithu, koma ali m'mabuku amene anthu okhala m'tsinde mwa phirilo saŵaona kaŵirikaŵiri.

Mabukuŵa alipo a mbiri yakale, a miyala ndi migodi, a mitengo, ndiponso a anthu okwera mapiri. Pafupifupi onse ndi a m'Chingerezi, ndipo olemba ake ambiri anali alendo. Akulu akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, choncho palibe chifukwa chonyozera zimene alendowo analemba. Komabe mlendo aliyense anakwera phirili ali ndi chimene ankafuna, ndipo analemba kwambiri za chomwecho, zina n'kuzisiya. Woŵerenga wanzeru ayenera kuyamba wafunsa kuti: analemba ndani, ndipo anamutuma ndani?

Mbiri yolembedwa ndi odutsa

David Livingstone analiona phirili mu 1859 pa ulendo wake wa ku nyanja ya Chilwa, ndipo analitchula m'buku la ulendo wa pa Zambezi limene analemba ndi mng'ono wake Charles, lomwe linatuluka mu 1865. Iye anangoliona patali. Amene anadza pambuyo pake anadza kudzakhala. Mu 1891 Henry Brown anabzala tiyi pa munda wa Thornwood, ndipo mu 1893 boma la Angerezi linamanga linga la Fort Lister pa mpata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi, pofuna kutseka njira imene akapolo ankadutsa popita nawo kugombe la nyanja ya mchere.

Zolembedwa za nthaŵi imeneyo ndi makalata a abwanamkubwa, malipoti a amishoni ndi mabuku a ndalama a eni minda. M'zolemba zotere mwini munda amatchulidwa dzina, pamene anthu amene anagwetsa mitengo, kusenza katundu ndi kuthyola tiyi amangoŵerengedwa ngati matumba. Ambiri mwa iwo anali Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique pothaŵa misonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, n'kudzapeza thangata kuno: kugwira ntchito m'munda mwa mzungu monga malipiro a malo okhalapo. Olemba mbiri a pambuyo pake ndiwo anayamba kuŵerenga mapepala omwewo ndi diso lina. John McCracken m'buku lake la 2012, A History of Malawi 1859–1966, ndi Brian Morris m'buku la 2016, An Environmental History of Southern Malawi, anafotokoza mmene kulandidwa kwa nthaka kunasinthira moyo wa anthu a chigawochi. Mphunzitsi wofuna kufotokozera ana chifukwa chimene midzi yapanikizika pakati pa minda ya tiyi ndi malire a nkhalango apeza poyambira m'mabuku aŵiriŵa.

Zimene miyala inanena

Anthu ambiri amayesa kuti Mulanje linali phiri lophulika moto. Mabuku a akatswiri a miyala amatsutsa zimenezi. Zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, mwala wosungunuka unakwera kuchokera pansi pa dziko koma sunatulukire kunja; unazizira pang'onopang'ono uli m'kati, n'kusanduka miyala yolimba yotchedwa syenite ndi granite. Mvula ndi mitsinje zinakokolola miyala yofeŵa imene inaukuta, mpaka wolimbawo unatsala wokha poyera. N'chifukwa chake phirili limangodzuka mwadzidzidzi pakati pa chigwa, ndipo mbali zake zina, monga khoma la kumadzulo kwa nsonga ya Chambe, ndi thanthwe lokhalokha losalala.

Frank Dixey, amene anali mkulu wa zofufuza miyala m'boma la Nyasaland, analemba za phirili mu 1927. Koma buku limene ofufuza amabwererako kufikira lero ndi The Geology of the Mlanje Area, lolembedwa ndi M. S. Garson ndi R. D. Walshaw, lomwe nthambi ya boma yofufuza miyala inasindikiza mu 1969. Ndi buku louma, lodzaza ndi mapu ndi maina a miyala. Komatu mabuku ouma otere ndiwo amayendetsa makampani, pakuti ndimo mmene munalembedwa chuma chimene chili pamwamba pa phirilo.

Chumacho ndi dothi lotchedwa bauxite, limene Dixey analipeza pa Lichenya mu 1924. Linapangika pamene mvula yambiri inaoletsa mwala wa syenite kwa zaka zosaŵerengeka, n'kutsuka zina zonse, kusiya dothi lokhala ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chija chopangira mapoto ndi ndege. Ofufuza anayerekeza kuti pa Lichenya ndi pa Linje pali matani pafupifupi 28 miliyoni a dothili. Kampani ya Lonrho inafufuzapo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1970, ena anabweranso pambuyo pake, koma mgodi sunatsegulidwe.

Zifukwa zake n'zofunika kuti wophunzira azimvetse. Choyamba, kusungunula aluminiyamu kumadya magetsi ochuluka zedi, ndipo dziko lino lakhala likupereŵera magetsi. Chachiŵiri, dothilo lili pamwamba pa phiri, kotero kuti pafunika njira yodula yolitsitsira kuchigwa. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chokhudza mudzi uliwonse, bauxite sakumbidwa m'dzenje lakuya ayi. Amachita kusenda nthaka yapamwamba monga munthu asenda mbatata. Kuti papezeke tani imodzi ya aluminiyamu pamafunika matani anayi kapena asanu a dothili, ndipo poliyenga pamatsala matope ofiira oopsa ku madzi. Tsono nthaka yapamwambayo, pamodzi ndi udzu ndi nkhalango zake, ndiyo imasunga madzi a mvula n'kumaŵatulutsa pang'onopang'ono m'mitsinje ya Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi ina. Madzi omweŵa ndiwo amathirira tiyi, amayenda m'mipope ya m'midzi, ndipo ena amafika ku Blantyre. Lipoti la mgodi limaŵerengera matani. Siliŵerengera ndoŵa za madzi zimene mayi wa ku Chonde kapena ku Chitakale amatunga. Nkhani ya migodi pa phirili imabuka mobwerezabwereza, ndipo nthaŵi iliyonse ikabuka, amene anaŵerenga mabuku ndiwo amayankhula pa msonkhano, ena n'kumangomvera.

Mtengo umene mabuku sanaupulumutse

Mu 1891 Alexander Whyte, katswiri wa zomera amene ankagwira ntchito pansi pa Harry Johnston, anakwera phirili natenga nthambi za mkungudza, zimene zinatumizidwa ku London. Kumeneko mtengowo unapatsidwa dzina la sayansi lakuti Widdringtonia whytei, pokumbukira iyeyo, ngakhale kuti eni dziko anali ataudziŵa kalekale. Mbiri ya thabwa lake lonunkhira, limene chiswe sichilidya, inafala msanga, ndipo macheka anatsatira. Boma linaika phirili pa mndandanda wa nkhalango zotetezedwa mu 1927, ndipo mu 1984 mkungudza unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko la Malaŵi.

Ulemu wonsewo sunaletse nkhwangwa. J. D. Chapman, amene anagwira ntchito ya zankhalango m'dziko muno, analemba kabuku kotchedwa Mount Mulanje, Malawi: A Plea for its Future, komwe kanali kudandaula ndi kuchenjeza. Moto wolusa, kudula mitengo mozemba ndi mitengo ya paini yochokera ku Mexico imene inafalikira yokha zinali zitayamba kale kuutha mkungudza. Mu 2017 ofufuza atayendayenda m'phirimo anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iŵiri yokha. Chiyambire nthaŵi imeneyo anthu a m'midzi yozungulira afesa ndi kubzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula mochedwa. Wobzala lero sadzaona thabwa lake. Chenjezo linalembedwa pa nthaŵi yake, m'chinenero chimene wosenza matabwa pamutu sakanatha kuŵerenga, ndipo amene akanatha kuŵerenga sanachitepo kanthu kokwanira.

Mabuku a okwera phiri

Buku lotchuka kunja kuposa onse ndi Venture to the Interior la Laurens van der Post, limene linatuluka ku London mu 1952. Mlembiyu anatumidwa mu 1949 kudzaona ngati mapiri a Mulanje ndi Nyika angathandize pa ulimi ndi ziŵeto. Pa ulendowo mnyamata wa ku Ulaya wogwira ntchito ya zankhalango anakokoloka ndi madzi pooloka mtsinje wosefukira, nafa. Bukuli ndi lokoma poŵerenga, koma limajambula phirili ngati malo achilendo osadziŵika, chonsecho munali kale njira, nyumba ndi anthu ocheka matabwa. J. D. F. Jones, amene analemba mbiri ya moyo wa van der Post mu 2001, anaonetsa kuti mkuluyu anali ndi chizoloŵezi chokometsera nkhani. Ophunzira angaliŵerenge bukuli kuti aone mmene cholembera chaluso chimapotozera malo amene iwo akuŵadziŵa bwino.

Losiyana nalo ndi la Frank Eastwood, Guide to the Mulanje Massif, la mu 1979. Ili silikometsera kanthu. Limatchula njira, nyumba zogonamo alendo, ndi nthaŵi imene munthu angayende kuchokera pa nyumba ina kufika pa inzake. Kudziŵa zotere kumapulumutsa moyo, pakuti nkhungu ya chiperoni ikatsika munthu saona ngakhale dzanja lake, ndipo alipo alendo amene anakwera okha ku Sapitwa osabwerako amoyo. Komabe njira zambiri za m'bukuli zinapondedwa poyamba ndi alenje ndi amtengatenga a komweko. Lero anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu a ku Likhubula ndi madera ena ndiwo amatsogolera alendo m'njira zomwezo, ndipo ambiri mwa iwo amadziŵa phirili kuposa buku lililonse.

Buku limene likusoŵa

Pali nzeru za phirili zimene sizinaloŵe mokwanira m'mabuku onseŵa. Akuluakulu amasimba za mizimu yokhala ku Sapitwa, za chakudya chimene woyenda angachipeze m'njira n'kudya yekha osaitana mnzake, za malo othirira nsembe popempha mvula, ndi za Napolo amene akamasamuka amagumula phiri. Wophunzira angaseke nkhani ya Napolo, koma anthu a ku Phalombe amene anaona madzi ndi miyala zikutsika m'phiri la Michesi mu Malichi 1991, n'kupha anthu mazanamazana, saseka. Zomwezo zinachitikanso mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy. Katswiri wa miyala amati nthaka yopyapyala yokhala pa thanthwe lotsetsereka ikakhuta madzi imatsetsereka. Gogo wa m'mudzi amadziŵa khwaŵa limene Napolo anadzera kale, kumene munthu sayenera kumangako nyumba. Nzeru ziŵirizi zimafunana.

N'zochititsa chidwi kuti pamene bungwe la UNESCO linaika phirili pa mndandanda wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse mu Julaye 2025, chachikulu chimene linayang'ana sichinali bauxite kapena kutalika kwa Sapitwa, koma miyambo ndi zikhulupiriro za Amang'anja, Ayao ndi Alomwe zokhudza phirilo. Zimene olemba akale anazitaya ngati nthano ndizo zalemekezedwa.

Apa ndipo pali ntchito ya aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu. Mabuku ndi malipoti akale a mtundu uwu amafunidwa ku nyumba yosungira zolembedwa za boma ku Zomba, ku ofesi yofufuza miyala ya mumzinda womwewo, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Mphunzitsi mmodzi ataŵerenga mutu umodzi wa buku la miyala n'kuufotokoza m'Chicheŵa chomveka pa masamba aŵiri, ana makumi asanu ndi makolo awo adziŵa chimene chili pa Lichenya ndi mtengo wake weniweni. Wachinyamata wokhala ndi kope ndi pensulo angakhale pansi ndi agogo ake, n'kulemba maina a mitsinje, mapanga ndi makhwaŵa, matanthauzo ake, chaka chimene madzi anasefukira ndi pamene anafika. Nkhalamba zimene zinaona nkhalango ya mkungudza ili yowirira zikutha chaka ndi chaka, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tsiku limene alendo ena adzafike ndi mapu ndi mapepala ofuna kusainidwa, mudzi umene uli ndi zolemba zakezake udzakhala ndi choyankha.