Njinga ya mpikisano: amayi, yambani mwayesa musanalipire

Mpaka 1993, mzimayi wovala buluku m'Malawi muno amatha kunjatidwa malinga ndi lamulo la kavalidwe la 1973. Lero asungwana akutchova njinga za mpikisano, zija za mahandulo opindikira pansi, atavala kabudula wothina, wapolisi n'kumangoyang'ana. Vuto latsala ndi la m'thumba. Ukalakwitsa pogula njinga yoyamba, phindu la geni la miyezi ingapo lapita.

Mchemwali wanga, yemwe amagulitsa kaunjika, zinamuonekera. Anakopeka ndi penti, eti njinga yofiira ngati tomato, osadziwa kuti felemu yake ndi ya bambo wamtali. Sabata isanathe khosi ndi msana zinali moto, zala zosafika bwino pa mabuleki. Anaigulitsa modula mtengo.

Ndiye amayi inu, wogulitsa asakuthamangitseni. Imani felemu ili pakati pa miyendo, mapazi onse pansi. Ngati chitsulo chapamwambacho chikukugundani, isiyeni. Mzimayi wamfupi kawirikawiri amakwanira pa felemu ya masentimita 47 mpaka 50. Kenaka khalani pa chishalo, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni: mwendo uwongoke popanda kupendeketsa chiuno. Chishalo chikamapweteka mutha kusintha, koma felemu yaikulu ilibe mankhwala. Ngati njingayo ndi yakale, fufuzani ming'alu m'malo moowotcherera. Matayala nawo, ndi maenje a m'misewu yathuyi, a mamilimita 28 kapena 32 ndi abwino kuposa timatayala ta 23.

Tsono pali mapedulo aja amati clipless. Dzinalo lisakupusitseni, chifukwa kwenikweni nsapato imakodwa pa pedulo kudzera m'kachitsulo komangidwa kunsi kwake. Kampani ya Look ya ku France inawatulutsa mu 1984, ndipo Bernard Hinault anapambana nawo Tour de France mu 1985. Ubwino wake phazi siliterereka ngakhale pa mvula.

Alipo a mitundu iwiri. A mabawuti atatu ndi a akatswiri, ndipo ukatsika njinga umayenda ngati bakha. A mabawuti awiri, monga SPD ya Shimano yomwe inabwera mu 1990, kachitsulo kake kamabisala mkati mwa nsapato, moti ungayende nayo mumsika bwinobwino. Kwa ine woyamba kumene atenge amenewa, koma atatha miyezi ingapo pa mapedulo wamba.

Pochotsa phazi sukokera m'mwamba ayi, umapotozera chidendene kunja. Masulani kasikuluwu ka pa pedulo kuti phazi lizichoka mosavuta, ndipo yesererani mutagwira khoma mpaka mwendo uzolowere. Chotsani phazi limodzi musanaime, osati mutaima kale.

Mchemwali uja, atapeza njinga yomukwana, anaiwala zimenezi tsiku loyamba. Anagwa cham'mbali pa siteji, minibasi ikubwera kumbuyo, anyamata oyitanira ali m'manja wawawa. Mwayi dalaivala anaponda buleki msanga. Pano phazi amachotsa akadali patali, akangoona minibasi yayatsa indiketa.