Mapu Akale ndi Mayina a Kwathu

Mphunzitsi akapeza mapu akale a dera la Furancungo kapena Tsangano, ojambulidwa dziko la Mozambique lisanalandire ufulu mu 1975, asawanyoze. Ndi chida chabwino chophunzitsira m'Chinyanja, malinga iye atazindikira pamene mapuwo akunena zoona ndi pamene akupotoza.

Pa maonekedwe a dziko, mapu otere ndi odalirika. Mizere yopindapinda imalumikiza malo okwera mofanana: ikathithikana, ndiye kuti pali phiri kapena mtsetse waukulu, ikatalikirana, pali chigwa kapena dambo. Pa mapu a muyeso wa 1:50 000, masentimita awiri amaimira kilomita imodzi, kotero ophunzira angathe kuyesa ndi ulusi mtunda wochokera kusukulu kukafika kumtsinje.

Pa mayina mpamene pali vuto. Ojambula ankalemba monga momwe khutu la Mpwitikizi linkamvera, motero Makanga anasanduka Macanga ndipo Revubwe analembedwa Revúbuè. Ulongwe anamuvula dzina lake n'kumutcha Vila Coutinho. Timitsinje ndi madambo ambiri sanalembedwe dzina, ngakhale kuti mudzi wonse unkawadziwa. Zoterezi zinachitikanso kutali: ku Mississippi, m'dziko la America, dzina la mtsinje wa Bogue Chitto linachokera ku mawu a anthu a mtundu wa Choctaw akuti bok chito, kutanthauza mtsinje waukulu.

Mwana wosawongoleredwa amayesa kuti dzina la papepala ndilo lenileni, la agogo ake ndi lolakwika. Maganizo amenewa akakhazikika, amayamba kuchita manyazi ndi chiyankhulo chake. Tsono mphunzitsi achite izi. Choyamba, ajambule pabolodi chigwa chimene muli sukulu, koma osalembapo mayina. Chachiwiri, atume ophunzira kwa agogo ndi kwa amfumu kukafunsa dzina la phiri, dambo ndi mtsinje uliwonse, pamodzi ndi chiyambi chake. Chachitatu, alembe mayinawo motsata kalembedwe ka Chinyanja. Akatero ndi pamene aonetse mapu akale aja, kuti ana afanizire ndi kufotokoza okha kusiyana kwake.

Dongosolo limeneli lisasinthidwe. Mapu akale akabwera poyamba, ana amangokopera. Akabwera pomaliza, ana amawaweruza ndi nzeru zimene atola kwawo. Ntchitoyi isachedwenso, pakuti mayina ambiri ali m'mitu ya okalamba okha.