Mawerengero a ku Washington, makalasi a kwa Chambe

Mwana wa kwa Chambe ku Mulanje amene amaphunzira osalipira fizi sadziwa George Psacharopoulos. Komatu mawerengero a bamboyu ndi amodzi mwa zinthu zimene zinamutsegulira chitseko cha kalasi.

Psacharopoulos, katswiri wa zachuma amene anagwira ntchito ku Banki Yaikulu Padziko Lonse ku Washington, anayerekeza zimene mayiko amawononga pa maphunziro ndi zimene ophunzirawo amadzapeza akakula. Anapeza kuti m'mayiko osauka ndalama yoikidwa ku pulayimale imabala phindu kuposa yoikidwa ku yunivesite. Bankiyo inagwiritsitsa mfundoyi, ndipo msonkhano wa ku Jomtien m'dziko la Thailand mu 1990 unaikhazikitsa: pulayimale choyamba.

Boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi mu 1994, ana a ku pulayimale anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Makalasi anadzaza, ena nkumaphunzirira pansi pa mitengo. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji, ndipo pulogalamu ya MIITEP, yothandizidwa ndi bankiyo ndi dziko la Germany, inkawaphunzitsa ali kale pa ntchito. Kunali kuthamanga, osati kukonzekera.

Sekondale ndi yunivesite zinatsalira. Mu 2000 bankiyo pamodzi ndi UNESCO inatulutsa lipoti lonena kuti maphunziro apamwamba ananyalanyazidwa. Mpaka lero, ambiri okhoza Sitandade 8 m'Malawi sasankhidwira ku sekondale ya boma, chifukwa malo ndi ochepa.