Nafenso ogula tizionako pa kompyuta

Mashopu ambiri m'tauni masiku ano ali ndi kompyuta pa kauntala, koma taonani kumene yaloza. Nkhope yake ili kwa wogulitsa, ife ogula timangoona kumsana ndi zingwe. Iye akatayipatayipa n'kutchula mtengo, ife basi kupisa m'thumba. Ngati sopo wamulowetsa kawiri, tikazindikira tili kale mu minibasi. Lisiti limatuluka inde, koma limatuluka ndalama zitapita kale.

Ine ndikuti pa kauntala pazikhala kasikirini kachiwiri, kakang'ono, koyang'ana kwa wogula. Nzeruyi si yalero ayi. M'chaka cha 1879, James Ritty, mwini bala ku Dayton m'dziko la America, anapanga makina owerengera ndalama poti ankakayikira antchito ake. Makinawo ankaonetsa poyera ndalama imene yalowa, ndiye wogula naye amakhala mboni. Mukuona apa, a bizinesi anzanga, kuti woyamba kutetezedwa anali mwini malo.

Chimene ambiri amaopa n'chomveka. Mukalumikiza kasikirini ndi chingwe cha HDMI, n'kudina batani la Windows pamodzi ndi P, kompyuta imakufunsani chochita. Mukasankha Duplicate, ndiye kuti mwavula pagulu. Zonse zili kwa inu zionekanso uko: mtengo wopikulira, phindu lanu pa paketi ya shuga, mayina a angongole, ngakhale uthenga wa akunyumba pa WhatsApp. Ndani angalole zimenezo? Sankhani Extend. Apo kasikiriniko kamakhala ngati tebulo lina lopanda kanthu, ndipo kamaonetsa chokhacho chimene mwakankhirako. Windows inayamba kulola masikirini angapo kalekale, mu 1998.

Mapulogalamu ambiri ogulitsira ali kale ndi malo olembedwa customer display, amene amatumiza dzina la katundu, mtengo, zonse pamodzi ndi chenji, basi. Ngati yanu ilibe, pali pulogalamu yaulere ya OBS Studio, imene imadula kachigawo kamene mwasankha n'kukaponya pa sikirini inayo. Imafuna kufatsa tsiku loyamba, komabe imatheka. Palinso kaja kokhala pa kamtengo m'masitolo akuluakulu, ka mizere iwiri, mzere uliwonse zilembo 20. N'kosaoneka bwino kwenikweni, koma nambala yake agogo amaiwerenga ali chapatali.

Kumene ndimakafunitsitsa ine n'kumalo otayipitsa makalata. Munthu akulembetsa kalata yofunsira ntchito, dzina lake lalakwika, iye osaona mpaka pepala lituluke, kenako mkangano wa amene alipire pepala lachiwiri.

Inu ophunzira za kompyuta, ganyu ndi ameneyu. Yendani m'mashopu ku Limbe kapena ku Area 2 ndi kasikirini ka mainchesi 7 m'chikwama, mukaonetse eni ake. Musankhe kotenga mphamvu pa USB, kuti magetsi akathima kaziyakabe ndi batire la laputopu.