Mayina amene timawadumpha m'buku la Genesis

Pali mitu itatu m'buku la Genesis imene sindinamvepo mlaliki akuisankha pa maliro, pa ukwati kapena pa Sabata la masika: mutu 5, mutu 10 ndi theka lachiwiri la mutu 11. Ndi mitu ya mayina okhaokha. Ngakhale uja walumbira pa 1 Januwale kuti chaka chino Baibulo alimaliza lonse, akafika pamenepa amanyambita chala n'kutembenuza tsamba. Ine ndakhala ndikuphunzitsa a m'kalasi ku tchalitchi kwathu, ndipo mafunso amene achinyamata amandipanikiza nawo ndi omweomwewo chaka ndi chaka: Kaini anakwatira yani? Aheberi anachokera kuti? Nanga ife akudafe tinatuluka mwa ndani? Mayankho ake, kumene alipo, akhala m'mitu yodumphidwayi.

Genesis amafotokoza kulengedwa kwa munthu kawiri. M'mutu 1 Mulungu akungolankhula zinthu n'kumachitika, ndipo munthu, mwamuna ndi mkazi limodzi, akubwera pomalizira, wolengedwa m'chifanizo cha Mulungu. M'mutu 2 nkhani ikutsika pansi: Mulungu akuumba munthu ndi dothi, akumuuzira mpweya, akumupatsa munda woti aulime, ndipo mkazi akufika nyama zonse zitapatsidwa kale mayina. Akatswiri ambiri a Baibulo amati izi ndi nkhani ziwiri za nthawi zosiyana zimene zinalumikizidwa, ndipo ya m'mutu 1 inakonzedwa cha m'nthawi ya ukapolo wa ku Babulo, Yerusalemu atagwa mu 586 Khristu asanabadwe. Ena amaumirira kuti zonse analemba ndi Mose, ndipo mutu 2 ukungoonetsa pafupi zimene mutu 1 wanena mwachidule. Mkanganowu sudzatha mawa. Koma mbali zonse zimagwirizana pa mfundo imene chiphunzitso cha Chikhristu chaimapo: anthu onse ali ndi chiyambi chimodzi.

Kuti muone kulimba mtima kwa mfundoyi muyenera kudziwa zimene anansi a Aheberi ankaphunzitsa. Ku Mesopotamia kunali nthano ya Atrahasis, yonena kuti milungu ing'onoing'ono inatopa ndi kukumba ngalande, inanyanyala ntchito, ndiye munthu anaumbidwa kuti asenze chintchitocho. Kumeneko ndi ku Igupto komwe, wotchedwa chifanizo cha mulungu kawirikawiri ankakhala mfumu. Genesis akutenga ulemu wa mfumuwo n'kuupereka kwa aliyense, mkazi yemwe, kapolo yemwe.

Za mkazi wa Kaini tisatayepo nthawi. Mutu 5 umanena kuti Adamu anali ndi ana ena aamuna ndi aakazi, ndipo kuyambira kale aphunzitsi a mpingo amati Kaini anakwatira mwa abale ake omwewo. Wolemba sanafune kutchula mwana aliyense. Iye akulondola msewu umodzi: kuchokera kwa Adamu kudzera mwa Seti kufika kwa Nowa, mibadwo 10, kuchokera kwa Semu mwana wa Nowa kufika kwa Abramu, mibadwo inanso 10.

Zaka za anthuwa ndi zimene zasokoneza ambiri. Metusela akuti anafika 969. Bishopu wina wa ku Ireland, James Ussher, anawonkhetsa zaka zoterezi ndipo mu 1650 anafalitsa kuti dziko linalengedwa mu 4004 Khristu asanabadwe. Chakachi chinayamba kusindikizidwa m'mphepete mwa Mabaibulo a Chingerezi mpaka anthu n'kumachiyesa mbali ya malemba. Sichili m'malemba. Ndiponso masamu ake ali pa mchenga: Baibulo la Chiheberi limapereka zaka 1,656 kuchokera kwa Adamu kufika pa chigumula, pamene la Chigiriki, limene Akhristu oyambirira ankawerenga, limapereka zoposa 2,200. Mateyu naye, polemba makolo a Yesu, anadumpha mafumu atatu, Ahaziya, Yoasi ndi Amaziya, kuti magulu ake akhale a mibadwo 14. Sanali kunama. Mndandanda wa makolo unkalembedwa kuti usonyeze kuti uyu ndi wa kwa yani, osati kuti ukhale kalendala.

Ndiye mwana wa Folomu 3 akandifunsa za chibwano chimene chinafukulidwa ku Uraha, m'boma la Karonga, mu 1991, chimene asayansi amati ndi cha zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, sindimuuza kuti atseke buku la sukulu. Ndimamuuza kuti Akhristu eniake amasiyana maganizo. Alipo amene amati masiku 6 a chilengedwe ndi masiku enieni. Papa Pius XII, m'kalata yake ya mu 1950 yotchedwa Humani Generis, analola kuti za kusinthika kwa thupi la munthu zifufuzidwe, bola mzimu uzindikirike kuti ndi wolengedwa ndi Mulungu. Ine ndili kumbali yakuti Genesis akuyankha funso lakuti munthu ndi wa yani, ndipo za msinkhu wa mafupa tiwasiyire ofukula.

Mutu 10 ndi umene ndimaukonda. Chigumula chitatha, wolemba akuyala mitundu ya anthu pansi pa ana atatu a Nowa, ndipo mukaiwerenga monga mwa mwambo imakwana 70. Kwa Yafeti kuli anthu a kumpoto ndi a m'zilumba, monga Yavani, amene ndi Agiriki. Kwa Hamu kuli Kusi, dziko la kummwera kwa Igupto kumene lero kuli Sudan, kuli Igupto mwiniwake, Puti ndi Kanani. Kwa Semu kuli Elamu, Asuri, Aramu ndi ena. Achewa simuwapezamo, Atumbuka simuwapezamo, anthu a ku China nawonso mulibe, chifukwa wolemba anatchula mitundu imene ankaidziwa. Gogo wina wa m'dera lathu, amene nkhani ya Kaphirintiwa ankaidziwa bwino, ya mwamuna ndi mkazi oyamba otsika ndi mvula n'kusiya mapazi pa thanthwe ku Dzalanyama, ankati sizikumuvuta: konse kuwiri anthu akuchokera pa banja limodzi, ndipo wowatuma ndi Chauta. Chodabwitsa m'mutuwu n'chakuti dzina la Israele mulibe. Mtundu umene unalemba bukuli sunadziike pamwamba pa mndandanda. Unabisala mwa kholo lina lotchedwa Ebere, mdzukulutuvi wa Semu, ndipo adani ake oopsa, Aigupto ndi Aasuri, unawalemba ngati abale.

Kuchokera pamenepa nkhani ikupanikizika n'kutsalira pa nyumba imodzi, ya Tera wa ku Uri. Ambiri amati ndi Uri amene mabwinja ake ali kummwera kwa Iraq, amene Leonard Woolley anawafukula kuyambira 1922 mpaka 1934. Tera ananyamula banja lake kupita ku Harana, ndipo kumeneko mwana wake Abramu, ali ndi zaka 75, anamva kuitana kwakuti asiye kwawo. Ndi iye woyamba kutchedwa Mheberi, m'mutu 14. Musaganize kuti anali wa dothi lina. Buku la Yoswa, mutu 24, limanena poyera kuti a kwa Tera ankapembedza milungu ina. Ndipo lonjezo limene Abramu analandira m'Genesis 12 silinathere pa mbumba yake: mabanja onse a dziko lapansi anayenera kudalitsidwa kudzera mwa iye.

Banjalo linali la mavuto ake. Mwana woyamba, Ismayeli, anabadwa kwa Hagara, mdzakazi wa ku Igupto. Isake anabadwa Abramu, amene tsopano ankatchedwa Abrahamu, ali ndi zaka 100. Kwa mkazi wina, Ketura, kunabadwa ana aamuna 6, mmodzi mwa iwo Midyani. Amowabu ndi Aamoni ndi a kwa Loti, mwana wa m'bale wake wa Abrahamu, Aedomu ndi a kwa Esau, mwana wa Isake. Nkhondo zambiri za m'Chipangano Chakale, mukaziyang'anitsitsa, ndi za pachibale.

Mchewa akamawerenga mindandandayi amasowamo amayi, chifukwa kumeneko mtundu umatsata bambo. Koma akafika pa Yakobo, m'bale wake wa Esau, amamwetulira, poti munthuyu anakhala mkamwini weniweni. Atathawa mkwiyo wa Esau anapita kwa malume ake, Labani. Anagwira ntchito zaka 7 kuti akwatire Rakele, koma kutacha m'mawa anapeza kuti m'nyumba muli Leya. Anagwiranso zina 7. Anawonjezera zaka 6 akuweta ziweto, apongozi akumusinthira malipiro kakhumi konse. Pofuna kubwerera kwawo sanatsanzike. Anadikira Labani atapita kukameta nkhosa, n'kukweza akazi ndi ana pa ngamira, ulendo. Apongozi atamupeza m'njira anamuuza kuti akaziwo, anawo ndi ziwetozo ndi zawo. Mkamwini aliyense amene anayesapo kupempha chitengwa mawu oterewa amawadziwa. M'zaka zowawazo ndi mmene munabadwa ana 11 mwa ana aamuna 12 a Yakobo, kwa akazi anayi, Leya, Rakele, Biliha ndi Zilipa, awiri omalizawo adzakazi. Benjamini yekha anabadwira ku Kanani, amake n'kumwalira pobereka. Yakobo anapatsidwa dzina lakuti Israele, ndipo mafuko 12 anachokera pamenepo.

Amene amaganiza kuti Aheberi anali mtundu wa magazi osasakanizika sanawerenge bwino. Yosefe anakwatira Asenati, mwana wa wansembe wa ku Igupto, kotero mafuko awiri athunthu, Efraimu ndi Manase, amayi awo ndi a ku Africa kuno. A kwa Yakobo anapita ku Igupto ali anthu 70, ndipo potuluka, Eksodo 12 amati anatsagana ndi khamu la anthu a mitundu ina. Mose anakwatira Zipora Mmidyani, ndipo Numeri 12 amanena za mkazi wake Mkusi, amene Miriamu ndi Aroni anamunyoza. Amene analangidwa ndi khate ndi Miriamu.

Kunja kwa Baibulo, dzina la Abrahamu, Isake kapena Yakobo wa m'Genesis silinapezeke pa cholembedwa chilichonse cha nthawi yawo, ndipo sizodabwitsa kwenikweni poti abusa a m'mahema sasema miyala. Koma mu 1896 Flinders Petrie anapeza ku Thebes mwala wa Farao Merneptah, wa cha m'ma 1208 Khristu asanabadwe, umene lero uli ku Cairo. Pa mwalapo Farao akudzitama kuti wafafaniza Israele. Ndi cholembedwa chakale kwambiri chodziwika chotchula dzinali, ndipo chikulitchula ngati gulu la anthu, osati mzinda.

Chikhristu chinatenga mbiri yonseyi n'kuilozetsa kwa Yesu. Mateyu akuyambira pa Abrahamu, ndipo akulowetsamo amayi amene wolemba wamanyazi akanawabisa: Tamara, Rahabi wa ku Yeriko, Rute Mmowabu ndi mkazi wa Uriya Mhiti. Luka akubwerera chammbuyo mpaka kwa Adamu, kusonyeza kuti Yesu ndi wa anthu onse. Paulo, polalikira ku Atene, anati mitundu yonse inachokera kwa mmodzi, ndipo kwa Agalatiya anaphunzitsa kuti mwana wa Abrahamu ndi amene ali ndi chikhulupiriro cha Abrahamu. Kwa Aroma anachenjeza Akhristu a mitundu ina kuti asadzikuze pa Ayuda, popeza iwo ndi nthambi zolumikizidwa chabe. Chenjezo limenelo mpingo unaliiwala kwa zaka mazanamazana, ndipo Ayuda a ku Ulaya analipira ndi magazi.

Nafenso tinalipira, kudzera m'mutu 9 wa Genesis. Nowa analima mphesa, analedzera, anagona ali maliseche m'hema. Hamu anaona n'kukauza abale ake panja. Semu ndi Yafeti anatenga chofunda, analowa chafutambuyo n'kufunditsa bambo awo. Nowa atadzuka anatemberera, koma dzina limene anatchula ndi la Kanani, mwana mmodzi mwa ana anayi a Hamu. Kusi sanatchulidwe. Za khungu mulibe liwu ndi limodzi lomwe. Wotemberera ndi Nowa, osati Mulungu, amene kumayambiriro kwa mutu womwewo wadalitsa Nowa ndi ana ake onse atatu. Komabe oteteza ukapolo ku America m'zaka za m'ma 1800 ankalalikira kuti anthu akuda ndi otembereredwa kukhala akapolo. Ku South Africa, mpingo wa Dutch Reformed mu 1974 unagwiritsa ntchito nkhani ya nsanja ya Babele poikira kumbuyo kulekanitsa mitundu, ndipo mu 1982 ku Ottawa bungwe la World Alliance of Reformed Churches linagamula kuti chiphunzitso cha tsankholo ndi mpatuko.

Chimene chimandipweteka n'chakuti bodzali tsopano tikulifalitsa tokha. Ndalimvapo mu minibasi, ndalimvaponso pa siwa, munthu wakuda bii akufotokoza umphawi wa dziko lino ndi temberero la Hamu, ena n'kumavomereza kuti zoonadi. Mukadzamumva wina akutero, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi mlaliki wa pa msika, musakangane naye. Mupatseni Baibulo, atsegule Genesis 9 kuyambira ndime 18, awerenge mokweza mpaka kumapeto, ndipo akuonetseni pamene palembedwa za munthu wakuda.