Injini Yakale Idzukanso

1. Galimoto ya m'mudzi

Ku Angónia ndi ku Tsangano anthu amalima cimanga, nyemba ndi mbatatesi. Akakolola, katundu ayenera kupita kumsika. Wina amagulitsidwa ku Ulongwe. Wina amapita mumzinda wa Tete, ulendo wa makilomita oposa 200.

Katunduyu amanyamulidwa pa galimoto zazing'ono zotsegula kumbuyo. Ena amati pikapu. Ena amati karinya.

Pikapu imagwira nchito zambiri. Imanyamula matumba, feteleza ndi malata. Munthu akadwala usiku, ndiyo imathamanga naye kucipatala. Pikapu ikafa, mudzi wonse umavutika. Mbatatesi imawolera m'matumba. Wodwala amasowa comunyamula.

Imodzi mwa galimoto zotere ndi Isuzu KB 280. Isuzu ndi kampani ya ku Japan. Injini ya galimotoyi imayendera dizilo, ndipo dzina lake ndi 4JB1-T. Zambiri zinapangidwa m'zaka za m'ma 1990. Tsopano zakalamba. Koma injini yokalamba sitayidwa. Mmisiri wa galimoto, amene ena amati makaniko, amaiphwasula, naikonza, naimanganso.

2. Injini imayenda bwanji?

M'kati mwa injiniyi muli mabowo 4 aakulu. Dzina lawo ndi masilinda. M'silinda iliyonse muli citsulo cokwera ndi kutsika. Dzina lake ndi pisitoni. Silinda ili ngati mtondo. Pisitoni ili ngati munsi.

Pisitoni imagwira nchito yake m'magawo 4.

Coyamba, imatsika. Mpweya umalowa m'silinda.

Caciwiri, imakwera. Imapanikiza mpweya uja m'malo aang'ono kwambiri. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Amene anapopapo njinga amadziwa zimenezi, cifukwa pampu imafunda m'manja.

Cacitatu, dizilo amapoperedwa mumpweya wotenthawo. Dizilo amayaka yekha, popanda macesi. Moto umakankha pisitoni pansi mwamphamvu.

Cacinayi, pisitoni imakweranso. Imatulutsa utsi kunja.

Pansi pa mapisitoni pali citsulo cacikulu cokhotakhota. Amisiri amati kiranki. Mapisitoni amazunguza kiranki monga mmene miyendo imapalasira njinga. Kiranki ikazungulira, mphamvu imafika kumawilo, galimoto nkuyenda.

Dzina la dizilo linacokera kwa munthu. Munthuyo ndi Rudolf Diesel, wa ku Germany. Injini yake inayenda bwino m'caka ca 1897, mumzinda wa Augsburg.

3. Turbo ndi mvukuto wa injini

Moto umafuna mpweya. Amayi akamasonkha moto amauzira kuti uyake. Wosula makasu amapopa mvukuto kuti makala alawilire. Injini nayonso ili ndi mvukuto wake. Dzina lake ndi turbo.

Turbo ili ndi timawilo 2 tamapiko. Timawiloti tili pa kamtanda kamodzi kacitsulo. Utsi wotuluka m'injini umazunguza kawilo koyamba. Kawilo kaciwiri kamazungulira nawo, nkumakankhira mpweya wambiri m'masilinda. Mpweya ukaculuka, dizilo wambiri amatha kuyaka, ndipo mphamvu imaculuka.

Kumapiri mpweya ndi wopepuka kusiyana ndi kucigwa. Ndiye cifukwa cake turbo imathandiza kwambiri galimoto ikamakwera kucokera ku Tete kupita ku Angónia.

Timawilo ta turbo timathamanga koopsa. Timazungulira koposa ka 100 000 pa mphindi imodzi. Kamtanda kaja kamayandama pa oyilo. Oyilo akasowa, kapena akada, turbo imawonongeka msanga.

Nzeru ya turbo inacokera kwa Alfred Büchi, wa ku Switzerland. Anailembetsa m'caka ca 1905.

4. Injini ikadwala imaonetsa

Injini silankhula. Koma ili ndi zizindikiro zake.

Utsi wabuluu umasonyeza kuti oyilo akupsa pamodzi ndi dizilo.

Utsi wakuda umasonyeza kuti dizilo waculuka kapena mpweya wacepa.

Utsi woyera wosaleka, madzi nkumatha mu rediyeta, umasonyeza kuti madzi akulowa m'masilinda.

Kugogoda kwa pansi pa injini kumasonyeza kuti zitsulo zayamba kugundana.

Injini yotopa imavuta kulira m'mawa. Pacitunda imafooka. Imamwa oyilo wambiri.

Adani a injini alipo 3. Woyamba ndi fumbi. Fumbi likalowa m'masilinda limapala citsulo ngati mcenga wotsukira miphika. Waciwiri ndi kutentha. Madzi akatha, mutu wa injini umapindika kapena kung'aluka. Wacitatu ndi oyilo wakale, amene sateteza zitsulo.

Mwini galimoto akafika kugalaja amafunsa kuti, "Amisiri, kodi idzukanso imeneyi?"

Mmisiri wabwino safulumira kulonjeza. Amayankha kuti, "Bambo, tiyambe taitsegula, tione."

5. Kuphwasula ndi kutsuka

Mmisiri amayamba wacotsa waya wa batire. Kenaka amakhutula oyilo ndi madzi m'zigubu. Amamasula mapaipi ndi mawaya onse. Injini ndi yolemera kwambiri. Munthu sangainyamule ndi manja. Amaikweza ndi unyolo womangidwa pa citsulo colimba.

Tsopano kuphwasula kumayamba. Turbo imacotsedwa. Mutu wa injini umacotsedwa. Mapisitoni amatulutsidwa. Pomaliza kiranki imatuluka.

Mmisiri samwaza zitsulo paliponse. Amaziyala m'mizere pa thebulo. Amalemba manambala: 1, 2, 3, 4. Mabauti a malo amodzi amawaika m'citini cimodzi. Amatero cifukwa zitsulo zina ziyenera kubwerera pamalo pake penipeni. Zikasinthana malo, injini imagwira, osazungulira bwino.

Kenaka ndi nthawi yotsuka. Wophunzira nchito amatenga parafini ndi burashi. Amatsuka mwaye wonse ndi oyilo wouma. M'kati mwa injini muli tinjira ting'onoting'ono todutsa oyilo. Tili ngati mitsempha ya magazi. Tonse tiyenera kutseguka. Nchito yotsuka ndi yotopetsa, koma singalumphidwe.

6. Kuyeza

Citsulo cimatha kuoneka cabwino koma cili cakutha. Diso lokha silingaone. Ndiye cifukwa cake mmisiri amayeza.

Ali ndi cipangizo coyezera tinthu tating'ono. Dzina lake ndi mayikoromita. Cipangizoci cimagawa milimita imodzi m'magawo 100.

Amayeza kiranki. Kiranki imazungulira pa tizitsulo tosalala, tooneka ngati mwezi wa theka. Amisiri amati mabeyaring'i. Pakati pa kiranki ndi beyaring'i pali mpata wa oyilo. Mpatawu ndi waung'ono ngati tsitsi limodzi, kapena kucepera. Ukakula, injini imagogoda. Pamenepo pafunika mabeyaring'i atsopano. Kiranki ikakandika kwambiri, pafunika ina.

Amayeza masilinda. M'silinda iliyonse ya injiniyi muli kapaipi kopyapyala, mmene pisitoni imayendamo. Amisiri amati silivu. Silivu ikatha, amaikankha ndi makina nkulowetsa yatsopano. Conco injini yonse sitayidwa.

Amayang'ana mphete za pisitoni. Amisiri amati maring'i. Mphetezi zimatseka mpata kuti mpweya usathawe, ndi kuti oyilo asakwere kumoto. Pomanganso injini, nthawi zonse amaika mphete zatsopano.

Amaika citsulo cowongoka pa mutu wa injini kuti aone ngati unapindika. Amafunafuna ming'alu. Amayang'ananso mavavu, amene ali ngati zitseko za mpweya ndi utsi. Citseko ciliconse ciyenera kutseka bwinobwino.

Amayesa manozulo opopera dizilo. Nozulo yabwino imatulutsa dizilo ngati nkhungu. Nozulo yakutha imadontha.

Amagwedeza kamtanda ka turbo ndi zala. Kakamagwedera kwambiri, turbo yatha. Amayang'ananso mapiko ake. Mapiko odyeka amasonyeza kuti fumbi linali kulowa.

Pamenepa pali funso lalikulu: cinaipha injiniyi n'ciyani? Mwina paipi ya mpweya inang'ambika, fumbi nkumalowera pamenepo. Mwina rediyeta inatsekeka ndi matope. Mwina oyilo sanasinthidwe nthawi yaitali. Mmisiri ayenera kupeza gwero la matendawa. Akapanda kulipeza, zitsulo zatsopano zidzathanso ngati zakale zija.

Akamaliza kuyeza, mmisiri amalemba zonse zofunika kugula. Banja limakhala pansi nkuwerengera ndalama. Zitsulo zabwino ndi zodula. Zotsika mtengo kwambiri sizikhalitsa, ndipo banja limalipira kawiri.

7. Kumanganso

Tsiku lomanga, wophunzira nchito amasesa galaja. Amawaza madzi pansi kuti fumbi lisauluke. Onse amasamba m'manja. Kamcenga kamodzi kokha kangathe kukanda beyaring'i yatsopano.

Coyamba kulowa ndi kiranki. Mmisiri amapaka oyilo woyera pa beyaring'i iliyonse. Akamanga mabauti amazunguza kiranki ndi dzanja. Iyenera kuzungulira mosavuta.

Kenaka amaveka mphete pa mapisitoni. Mphete iliyonse ili ndi kampata. Timipatati sayika mzere umodzi. Amatitalikitsa kuti mpweya usapeze njira yothawira.

Pakati pa injini ndi mutu wake amaika gasiketi yatsopano. Gasiketi imalekanitsa moto, madzi ndi oyilo. Mabauti a mutu samangidwa mwacisawawa. Mmisiri amayambira pakati nkumapita m'mbali. Amamanga pang'ono, nabwereza, nabwerezanso. Amagwiritsa nchito sipanala yapadera yoyeza mphamvu. Mlingo wake amawerenga m'buku la injiniyo. Akamanga moperewera, gasiketi imapsa. Akamanga mopitirira, bauti imaduka.

Amalunjikitsanso zizindikiro zolembedwa pa zitsulo zozunguza mavavu ndi pampu ya dizilo. Amatero kuti mavavu atseguke pa nthawi yake, ndi kuti dizilo afike pa nthawi yake. Zili ngati anthu osinja mumtondo umodzi. Aliyense ali ndi nthawi yake yotsitsa munsi.

Pomaliza amaika turbo. Paipi yake ya oyilo iyenera kukhala yoyera m'kati. Amathira oyilo pang'ono mu turbo isanayambe kuzungulira. Amaika sefa zatsopano 3: ya mpweya, ya oyilo ndi ya dizilo. Rediyeta amaitsuka.

Wophunzira nchito akafuna kufulumira, mmisiri amamuuza kuti, "Mwana wanga, kuthamanga sikufika."

8. Tsiku loliza injini

Injini yabwerera m'galimoto. Oyilo wathiridwa. Madzi athiridwa. Koma mmisiri sailiza msanga. Amayamba waizunguza ndi batire popanda dizilo, kuti oyilo afike paliponse. Kenaka amatulutsa mpweya wotsala m'mapaipi a dizilo.

Tsopano amapotokola kiyi. Injini imatsokomola, nkulira. Onse amakhala cete. Mmisiri amamvetsera ngati pali kugogoda. Amasuzumira pansi kuona ngati oyilo kapena madzi akudontha. Amayang'ana utsi. Amayang'ana muvi wosonyeza kutentha.

Injini yomangidwa kumene ili ngati munthu amene wangocira. Sasenzetsedwa mtolo wolemera tsiku lomwelo. Masiku oyamba galimoto imanyamula katundu wocepa. Sithamangitsidwa kwambiri. Mphete zimazolowerana ndi masilinda pang'onopang'ono. Ikayenda makilomita pafupifupi 1000, oyilo ndi sefa yake zimasinthidwa. Pambuyo pake pikapu imabwerera ku nchito yake yonse.

9. Kusamala injini

Woyendetsa wabwino amaona oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse. M'cilimwe, fumbi likaculuka, amayang'ana sefa ya mpweya kawirikawiri. Akaliza injini m'mawa, amadikira pang'ono asananyamuke. Akafika pa ulendo wautali sazimitsa msanga. Amaisiya ikulira pang'onopang'ono mphindi 1 kapena 2, kuti turbo izizire oyilo akuyendabe.

Ana nawonso ali ndi malamulo awo. Mwana sasewera pansi pa galimoto. Sagwira injini yotentha. Sayandikira rediyeta ikamatsegulidwa, cifukwa madzi ake amawira ndipo amawocha. Sagwira madzi a m'batire.

Oyilo wakale satayidwa mumtsinje, pacitsime kapena m'dimba. Amaipitsa madzi ndi nthaka. Sapakidwanso pa cilonda. Amasungidwa m'cigubu cotseka, kutali ndi ana.

Injini ikapatsidwa mpweya woyera, oyilo woyera ndi madzi okwanira, imayendanso zaka zambiri. Mbatatesi imafika kumsika isanawole. Wodwala amafika kucipatala pa nthawi yake.

Mawu atsopano m'Cinyanja ndi m'Cipwitikizi

injini: motor
silinda: cilindro
pisitoni: pistão
kiranki: cambota
mutu wa injini: cabeça do motor
gasiketi: junta
rediyeta: radiador
sefa: filtro
dizilo: gasóleo
oyilo: óleo
galaja: oficina

Mafunso

1. Kodi injini ya m'nkhaniyi ili ndi masilinda angati?
2. Turbo ikufanana ndi ciyani?
3. Adani 3 a injini ndi ati?
4. N'cifukwa ciyani mmisiri amalemba manambala pa zitsulo?
5. Utsi wabuluu umasonyeza ciyani?
6. Oyilo wakale amasungidwa kuti?

Nchito ya kunyumba

Jambulani pikapu itanyamula matumba 4. Lembani manambala pa matumbawo. Pemphani akuluakulu akuwerengereninso nkhaniyi. Afunseni kuti katundu wa kwanu amafika bwanji kumsika.